Mapointi ali papepala, wodwala sitiroko ali pabedi

Amalume anga anagwa m'mawa akumanga ng'ombe pagoli. Pamene ana amawanyamula, kamwa inali itapotoka, mkono wamanja ukulendewera ngati si wawo, mawu akutuluka koma osamveka. Tinawafikitsa kuchipatala dzuwa litapendeka. Madzulo akazi awo anaphika phala la mgaiwa, nayamba kuwamwetsa ali chigonere chagada. Supuni yoyamba inapita. Yachiwiri anatsamwa nayo, anatsokomola mpaka misozi, ndipo mpweya wawo unayamba kumveka ngati madzi akubwata pakhosi. Namwino anali yekha wodi yonse. Podutsa anati, "Amama, apatseniko pang'onopang'ono, asagone ndi njala." Tsiku lachitatu thupi linatentha. Anati ndi chibayo. Sabata yachiwiri isanathe tinali pamaliro.

Namwino uja sindimuimba mlandu, ndipo sindidzamuimba. Ananena zimene mtima wa munthu wachifundo unganene. Patapita zaka ndi pamene ndinamva kuti sitiroko imafoolanso minofu yomezera, chakudya n'kumalowera kumapapo, ndiponso kuti pali njira yoyesera zimenezi yosafuna makina: kumukhazika wodwala tsonga, kumupatsa kasupuni ka madzi, kumvetsera ngati akutsokomola kapena mawu asintha. Akalephera, pakamwa pasalowe kanthu kufikira atamuika kapaipi kodyetsera ka m'mphuno. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Funso limene landikhala pamtima kuyambira pamenepo ndi lakuti nzeru yotereyi imafika bwanji kwa namwino wa ku Nyimba, wa ku Minga kapena wa pakiliniki ya kumudzi kwa Sandwe, amene anamaliza sukulu yake zaka khumi zapitazo?

Pamalamulo yankho lilipo. Bungwe la Health Professions Council of Zambia limafuna kuti dokotala, clinical officer kapena wa mafizo aonetse kuti wapitiriza kuphunzira asanamupatse chiphaso chogwirira ntchito chaka chotsatira, ndipo anamwino ndi azamba ali ndi lamulo lofanana nalo ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Maphunziro amenewa amawawerenga m'mapointi. Ganizo lake ndi labwino, ndipo oliikira kumbuyo ali ndi mfundo zolimba kuposa mmene ambiri timaganizira.

Mfundo yawo yaikulu ndi yakuti pa matenda a ubongo, zimene munthu anaphunzira kale zikhoza kukhala zovulaza lero. Kwa zaka zambiri madokotala padziko lonse ankabaya mankhwala a steroid munthu wovulala m'mutu pofuna kuchepetsa kutupa kwa ubongo. Mu 2004 kafukufuku wotchedwa CRASH, wa odwala oposa 10,000, anapeza kuti olandira mankhwalawo ankafa ambiri kuposa osalandira. Mu 2015 kafukufuku wa AVERT, wa odwala sitiroko oposa 2,000, anasonyeza kuti kumudzutsa wodwala ndi kumuyendetsa kwambiri tsiku loyamba lenilenilo kumachepetsa mwayi wake wochira bwino, pamene ambiri ankaganiza kuti kufulumira ndiko kuthandiza. Mu 2019 CRASH-3 inasonyeza kuti mankhwala a tranexamic acid, omwe azamba amawadziwa kale poletsa magazi kwa mayi amene wangobereka, amapulumutsa ena mwa ovulala m'mutu ngati aperekedwa maola atatu asanakwane.

Maola atatu amenewa ndi nkhani ya kwathu kuno. Aliyense woyenda mumsewu wa Great East amawadziwa makona ndi zitunda za pakati pa mlatho wa Luangwa, Kacholola ndi Nyimba, amadziwanso kuchuluka kwa njinga zamoto zonyamula anthu awiri kapena atatu opanda chipewa cholimba kumutu. Kuchoka ku Nyimba kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 300; kuchoka ku Petauke ndi pafupifupi 400. Mnyamata wogwa panjinga sangaonane ndi katswiri wa ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka nthawi imeneyi isanathe. Amene adzamugwire ndi clinical officer wa pachipatala cha boma, ndipo zimene zili m'mutu mwa clinical officer ameneyo usiku umenewo ndizo zonse zimene mnyamatayo ali nazo.

Ndipo akapulumuka, nkhani siithera pomwepo. Bala likapola amabwerera kumudzi akuyenda ndi miyendo yake, koma akuiwala kumene waika khasu, akupsa mtima ndi kanthu kakang'ono, akulephera kuwerenga chenji pamene kale ankagulitsa nthochi pamsewu osalakwitsa. Abale amati wasokonekera mutu, ena amati amulodza, mkazi amatopa n'kubwerera kwawo. Wachipatala amene sanaphunzirepo za zotsatira za kuvulala kwa ubongo amamuyeza, napeza kuti thupi lili bwino, namupatsa panado. Amene anaphunzira amaitana mkazi ndi makolo, nawauza kuti uku ndi kuvulala kumene kukupitirira, kuti zambiri zimasintha pakapita miyezi, kuti amupatse ntchito imodzi pa nthawi imodzi, asamusiye kumowa, ndipo akakomoka ngati wakhunyu abwere naye msanga. Mawu okhawo akhoza kusunga banja.

Akatswiri nawonso tsopano tili nawo, ngakhale ndi ochepa. Mu 2018 ku UTH kunayamba maphunziro oyamba m'dziko muno a madokotala a ubongo ndi mitsempha, motsogozedwa ndi Dr. Deanna Saylor wa ku Johns Hopkins. Kafukufuku amene gulu lawo linafalitsa mu 2021 anapeza kuti mwa odwala sitiroko anayi alionse ogonekedwa pachipatalapo, pafupifupi mmodzi ankamwalira asanatuluke, ndipo ochuluka anali a BP. Ngati zili choncho pachipatala chachikulu cha dziko lonse, tisadzinamize kuti kuno n'kwabwinoko. Matendawa sasankha: Pulezidenti Levy Mwanawasa anagwidwa ndi sitiroko ku Sharm el-Sheikh mu June 2008, namwalira ku France pa 19 August chaka chomwecho. Iye anathamangitsidwa pandege. Mlimi wa kwa Ndake amathamangitsidwa pangolo.

Tsono mbali inayo. Ndakhalapo pansi ndi achipatala amene akamva za maphunziro opitiriza amangopukusa mutu, ndipo si aulesi. Amati chimene chasowa m'wodi si nzeru koma manja. Namwino akudziwa bwino kuti wakufa ziwalo ayenera kutembenuzidwa pakapita maola awiri kapena atatu kuti asatuluke zilonda za pogona. Koma ali yekha usiku, wina akufuna diripu, wina wangofika ndi malungo. Mukamutenga sabata yathunthu kupita naye kuloji ku Chipata, wodiyo mwaisiyira yani? Amatinso maitanidwe a misonkhano yotere amadziwika: kalata imafikira muofesi, amapita ndi omwe aja anapita chaka chatha, amabwerako ndi chikwama, alawansi ndi mapointi, pamene wogwira odwala tsiku ndi tsiku sanamve n'komwe zimene zinakambidwa. Wina akaphunzira bwino, posakhalitsa wapempha kusamukira ku Lusaka kapena wapeza ntchito kunja. Ndipo popeza ndalama za maphunziro otere kwa zaka zambiri zinkachokera kwa othandiza akunja, mitu yake inkatsata zimene iwo anaika patsogolo: HIV, TB, malungo, uchembere. Munthu akhoza kukwanitsa mapointi ake chaka ndi chaka osamvapo liwu limodzi la sitiroko. Chithandizo cha America chitadulidwa mu 2025, ngakhale misonkhano yomwe ija inachepa.

Ena amati yankho ndi intaneti, ndipo n'zoona kuti Unduna wa Zaumoyo wagwiritsa kale ntchito njira ya Project ECHO, yolumikiza akatswiri a ku Lusaka ndi zipatala za m'maboma pakanema, makamaka pa HIV. Koma amene anapirira kuzimazima kwa magetsi kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, amadziwa kuti foni ndi netiweki zimakhala ndi masiku ake. Kuwonjezera apo, kunyamula wodwala osamukoka mkono wofooka, umene phewa lake limaguluka mosavuta, sikuphunzirika poonera. Pamafunika wina akugwire dzanja n'kukuuza kuti ayi, gwirani apa.

Pali umboni winanso umene ine ndinaulandira movutika, chifukwa unatsutsa chimene ndinkachikhulupirira. Ndinkati popeza kwathu wodwazika matenda sachoka pambali pa bedi, tingomuphunzitsa mafizo iyeyo, nkhani yatha. Ku India anayesa zimenezi pa odwala 1,250 m'zipatala 14, m'kafukufuku wa ATTEND amene anatuluka mu 2017. Patatha miyezi isanu ndi umodzi panalibe kusiyana pakati pa mabanja ophunzitsidwa ndi osaphunzitsidwa. Choncho amene amanena kuti maphunziro afupiafupi sangalowe m'malo mwa wa mafizo weniweni, wophunzira zaka zake ku Evelyn Hone College kapena ku University of Zambia, akunena zoona. Boma likamalemba ntchito, monga linachitira mu 2022 polemba achipatala oposa 11,000, m'ndandandamo muzikhala a mafizo okwanira zipatala za m'maboma, pamodzi ndi akatswiri ophunzitsanso kulankhula, kumeza ndi ntchito za manja, omwe m'dziko muno ndi owerengeka.

Komabe ndikaziika pasikelo, madandaulo onsewa akutsutsa kaphunzitsidwe, osati kuphunzira. Ku Australia, pakafukufuku wa m'zipatala 19 za ku New South Wales, anamwino a zipatala zina mwa izo anaphunzitsidwa m'mawodi mwawo momwemo zinthu zitatu zokha: kuyeza ndi kutsitsa kutentha kwa thupi, kuyang'anira shuga, ndi kuyesa kumeza wodwala asanadye. Zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Patatha masiku 90, odwala 42 pa 100 alionse a m'mawodi ophunzitsidwa anali atamwalira kapena akudalira ena, pamene m'mawodi enawo anali 58. Australia si Petauke, mawodi awo ali ndi anamwino ambiri, ndipo sindikulonjeza kuti ziwerengero zathu zingafanane ndi zawo. Koma taonani zipangizo zake: choyezera kutentha, kamakina ka shuga, kapu ya madzi ndi supuni. Chimene chinasintha zinthu n'chakuti wodi yonse inaphunzira pamodzi, panali pepala loti aliyense atsate, ndipo panali munthu wobwerera kudzaona ngati zikuchitika.

Apa ndi pamene ndaima. Mphunzitsi ndiye ayende, osati wophunzira. Wa mafizo ndi dokotala wa ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete kapena ku Kalindawalo General azifika ku Nyimba, ku Minga ndi ku Petauke pa masiku odziwika, azizungulira wodi pamodzi ndi anamwino a masana ndi a usiku, pabedi la wodwala weniweni, wodwazika ali pomwepo akumva m'Chinsenga kapena m'Chinyanja. Kanema wa pa intaneti azibwera pambuyo, kuti amene wakumana ndi wodwala womuvuta afunse. Makiliniki a kumidzi ndi othandiza azaumoyo a m'midzi asatsalire, pakuti ndiwo amakumana ndi wodwala akatuluka m'chipatala, ndiwonso angaone ngati mankhwala a BP akumwedwa kapena anasiyidwa botolo loyamba litatha. Mafuta a galimoto imodzi pamwezi sangafanane ndi mtengo wogoneka anthu makumi atatu kuloji.

Zimenezi sizidzabweretsa namwino wachiwiri usiku, ndipo nkhondo yofuna antchito okwanira ipitirire. Koma namwino uja akanadziwa, akanati, "Amama, dikirani, ndiyambe ndaona ngati akumeza," ndipo sizikanamutengera nthawi yoposa imene anatenga kutiuza kuti tiwapatse pang'onopang'ono.

Kwa a Health Professions Council ndi a Nursing and Midwifery Council pempho langa ndi ili: ola lophunzira pabedi la wodwala lizilemera mapointi kuposa ola lokhala m'holo, ndipo aliyense wogwira ntchito m'wodi ya akuluakulu aonetse kuti waphunzira za sitiroko ndi kuvulala m'mutu. Kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma a Petauke ndi Nyimba: musadikire kalata ya ku Lusaka kuti muyambe kuyesa kumeza kwa wodwala sitiroko aliyense wofika pachipatala chanu. Ndipo inu amene mbale wanu wagonekedwa kamwa itapotoka, musanaike supuni pakamwa pake, itanani namwino mumufunse ngati wamuyesa kumeza.