Petulo wodula ndi petulo wamba: kodi mlimi wa ku Kasungu asankhe uti?

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, alimi ambiri amagula galimoto, njinga yamoto kapena pampu yothirira nazale ndi dimba. Funso lomwe limatsatira ndi lakuti, kodi injiniyi imafuna petulo wamtundu wanji? Abale athu omwe anakhalako ku Joni amasimba za petulo wa 93 ndi wa 95, ndipo ena amaganiza kuti wodulayo ndiye wopatsa galimoto mphamvu. Nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa chaka chino, pomwe mafuta akudya gawo lalikulu la phindu la mlimi.

Tanthauzo la manambala 93 ndi 95

Manambalawa amatchedwa octane. Sayeza mphamvu ya petulo ayi, koma kupirira kwake: petulo wa nambala yokwera sayaka msanga akapanikizidwa mu injini. Petulo akayaka nthawi yake isanakwane, injini imagogoda ngati muli timiyala, imatentha, ndipo pakapita nthawi mapisitoni amaonongeka.

Injini iliyonse ili ndi nambala yomwe anaipangira. Mukathira petulo wotsika kuposa nambalayo, mumaononga injini. Mukathira wokwera kuposa pamenepo, mwangotaya ndalama chifukwa liwiro ndi mtunda siziwonjezeka. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zomwe zimayenda m'misewu ya ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, monga Toyota Probox ndi Sienta, anazipangira petulo wamba. Komanso kumalo okwera monga chigwa cha Kasungu, chomwe chili pamtunda woposa mamita 1,000, mpweya ndi wopepukirapo ndipo injini sigogoda msanga. N'chifukwa chake ku Johannesburg amagulitsa petulo wa 93, pomwe m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja monga Durban amathira wa 95.

Kuno kwathu zili bwanji?

M'Malawi muno pamalo omwetsera mafuta pamakhala petulo wamtundu umodzi, ndipo mtengo wake umakhazikitsidwa ndi bungwe la MERA. Petuloyu amalowa m'dziko muno kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, kenako amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Kusakanizaku kunayamba mu 1982 pomwe fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo mu 2004 kunabwera ina ya PressCane ku Chikwawa. Ethanol amakweza octane. Choncho petulo wa pa pampu ndi wokwanira ku galimoto, njinga zamoto ndi mapampu omwe alimi ambiri ali nawo.

Kusankha kwenikweni: pampu kapena chigubu

Petulo wodula yemwe mlimi wa kuno amakumana naye ndi wa m'zigubu ndi m'mabotolo. Mafuta akasowa, monga zinachitikira mu 2022 komanso kumapeto kwa 2024 chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja, mavenda amagulitsa pamtengo woposa wa MERA. Mtengo wa pa pampu nawonso wakhala ukukwera: unafika pa K2,530 pa lita mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu, kenako K3,499 mu Okutobala 2025.

Koma kudula kwa petulo wa m'chigubu sikutanthauza ubwino. Akasakanizidwa ndi palafini, octane imatsika kwambiri, injini imagogoda, imatulutsa utsi, ndipo mapulagi amada msanga. Chigubu chikakhala chosatseka bwino, ethanol amakoka chinyezi, madzi n'kudikha pansi, ndipo ndi omwe amayamba kulowa mu injini. Fumbi ndi dzimbiri zimatseka kabuleta ya njinga kapena pampu. Mlimi amalipira kawiri: kwa venda, kenako kwa makaniko. Pampu ikafa mu Okutobala nazale ya fodya ili pakati, kutaya kwake kumaposa mtengo wa mafutawo chifukwa mbande sizidikira.

Zoyenera kuchita

1. Yang'anani m'buku la galimoto kapena kuseri kwa chitseko cha thanki kuti mudziwe nambala ya petulo yomwe injini yanu imafuna. Chitani izi musanagule galimoto, makamaka ngati ili ya turbo kapena ya ku Ulaya, chifukwa zambiri mwa izi zimafuna nambala yokwera.

2. Gulani mafuta pamalo ovomerezeka ndipo tengani lisiti. Kugulitsa mafuta popanda chilolezo cha MERA ndi mlandu.

3. Konzekerani nthawi yomwe mafuta amafunika kwambiri: yothirira nazale, yotuta feteleza, ndi yotumiza mabelo ku okushoni. Alimi a m'kalabu imodzi angathe kuphatikiza katundu pa ulendo umodzi.

4. Musasunge petulo kwa miyezi yambiri. Pampu ikamaliza ntchito mvula ikayamba, khuthulani petulo yense mu thanki ndi mu kabuleta musanaisunge.

5. Musaike petulo pafupi ndi chigafa, balani yowotchera fodya, khitchini kapena m'chipinda chogona ana. Nthunzi yake imayaka ngakhale moto uli patali.

6. Musakopeke ndi timabotolo ta mankhwala tomwe amati timawonjezera mphamvu ya petulo. Injini yopangidwira petulo wamba sipindula nato.

Komwe ndalama yanu ingapindule

Pa misewu yafumbi ya kuno, chomwe chimachepetsa kumwa mafuta ndi chisamaliro cha injini. Sinthani oyilo pa nthawi yake, tsukani kapena sinthani sefa ya mpweya pafupipafupi m'chilimwe, onani mapulagi, popani matayala mokwanira, ndipo musapakire matumba opyola mlingo wa galimoto. Ndalama yomwe mukadawonjezera pa petulo wodula igulireni oyilo ndi sefa msika wa fodya usanatseke, ndalama zikadali m'manja.