"Sizibwera pa mayeso" si yankho la mphunzitsi

Aphunzitsi anzanga a masamu, pali mawu amene ndatopa nawo mu staff room: "zimenezo sizibwera pa mayeso". Mwana wa Fomu 1 akafunsa ntchito ya ma prime factor, amangomuponyera HCF ndi LCM, nkhani yathera pomwepo. Ine ndikuti kumeneko n'kumubera mwana dzuwa likuswa mtengo.

Tengani choko. Chulukitsani ma 2 awiri, kenako atatu, anayi, n'kumapita choncho, ndipo paliponse muchotsepo 1. Mupeza 3, 7, 15, 31, 63, 127. Ana aphwanye okha. 15 ndi 3 × 5, palibe prime yobwereza. Koma 63 ndi 3 × 3 × 7, apa 3 walowa kawiri. Tsono afunseni: nanga chiwerengero cha ma 2 aja chikakhala prime, monga 5, 7 kapena 11? Pa 11 tipeza 2047, yomwe ndi 23 × 89. Si prime ayi, koma palibenso yobwereza. Kodi zimatero mpaka kalekale?

Funso limeneli silinayankhidwe mpaka lero, abale. Chodziwika n'chakuti prime yobwereza pamenepo iyenera kukhala ya mtundu umene Arthur Wieferich anaufotokoza mu 1909. Ya mtunduwu yapezeka iwiri yokha, 1093 mu 1913 ndi 3511 mu 1922, ndipo yonseyi sigawa nambala iliyonse ya gulu lathuli. Mwana wa kuno ku Kaliyeka angathe kufika pa funso lomwe lagonetsa maprofesa ndi njala, pa mphindi khumi zokha.

Mudzati tilibe makompyuta. Mu 1903 Frank Nelson Cole anaima pa bolodi ku New York n'kuonetsa kuti ma 2 okwana 67, kuchotsapo 1, ndi 193707721 × 761838257287. Anagwira choko, monga chathuchi. Mudzati silabasi ndi yaitali, makalasi ndi odzaza. Zoona. Koma mwana wophwanya 2047 akuyeserera indices ndi kugawa, zomwe MSCE imafunsa ndithu. Nthawi yatayika pati?

Vuto ndi mantha: ena safuna kuima pamaso pa ana ndi funso lopanda yankho kumapeto kwa buku. Inu ana anga akale, kaya muli ku Biwi, ku Kawale kapena ku Joni, phwanyani ya ma 2 okwana 23. Ndikudikira.