Mbiri ya Mchinji ili pafupi, ana akaione wapansi

Mwana wa Sitandade 6 ku Kamwendo kapena ku Mkanda akhoza kutchula pamtima chaka chimene David Livingstone anafika ku nyanja ya Malawi, 1859, chifukwa chili m'buku. Koma mwana yemweyo akafunsidwa dzina limene boma lake linkadziwika nalo agogo ake ali ana, kawirikawiri amangoyang'ana pansi. Dzinalo ndi Fort Manning, ndipo nkhani yake ndi yoti ana angaimvetsere kukamwa kuli yasa, akanapezeka woifotokoza.

Mu January 1898 asilikali a Angelezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni kudera limene lero kuli Chipata. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa. Ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, ndipo Mpezeni mwiniwakeyo anakasungidwa ku Fort Manning kwa pafupifupi chaka chathunthu. Lingalo linatchedwa dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Dziko litalandira ufulu mu 1964, mayina otere anayamba kuchotsedwa: Fort Manning inakhala Mchinji, Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Hill inakhala Chitipa. Ku Zambia nako Fort Jameson inasanduka Chipata.

Mphunzitsi wokhala ndi katoni yakale ndi makala akhoza kulemba mayina khumiwa pa tizidutswa, n'kuwagawira ana kuti aliyense asake mnzake amene wanyamula dzina logwirizana ndi lake. Mphindi khumi zokha, pabwalo, ana akuthamanga ndi kuseka. Mawa lake nkhani ya Nsingo n'kuichita sewero, zishango zikhale za makatoni omwewo. Mwana amene wasewera ngati Mpezeni akutengedwa kupita ku linga sangaiwalenso kuti nkhaniyi inachitikira kwawo.

Vuto lili pa maganizo akuti ulendo wa maphunziro ndi wa basi. Sukulu zambiri zimayembekeza kuti makolo asonkhe ndalama zopitira ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, kapena ku Dedza kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni, zomwe UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006, kapenanso ku Mua, ku Kungoni kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Malo onsewa ndi oyenera kuwaona. Koma kholo limene likudikira kugulitsa mtedza ndi soya silingapeze ndalama ya basi pakati pa teremu, choncho ulendo umalephereka chaka ndi chaka, ana n'kumaliza Sitandade 8 osaona chilichonse, ngakhale cha pakhomo.

Chonsecho za pakhomozo ndi zambiri. Ku Kachebere, mphepete mwenimweni mwa malire ndi Zambia, ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1903, ndipo seminale yaikulu inatsegulidwa mu 1939. Ansembe ndi maepiskopi ambiri a ku Malawi ndi Zambia anaphunzira pamenepo. Mishoni ya Guillime ili ndi dzina la Episkopi Mathurin Guillemé, Mfalansa. Ana amene amabadwira pachipatala cha pamenepo amakula akutchula dzinalo tsiku ndi tsiku osadziwa kuti linali la munthu. Kalata imodzi ya mphunzitsi wamkulu yopempha chilolezo ingawatsegulire mpata wokaona nyumba zakalezo, kuzijambula ndi pensulo, ndi kufunsa kuti njerwa zake anaumba ndani.

Njanji nayo ndi phunziro. Inafika ku Mchinji kuchokera ku Lilongwe mu 1980, koma kachigawo kafupi kopita ku Chipata kanatsegulidwa mu 2010, patatha zaka 30. Mwana akaima pa siteshoni, ali ndi akuluakulu omuyang'anira poti njanji si bwalo la masewera, akhoza kuuzidwa kuti zitsulo zimenezi zimadutsa ku Salima ndi ku Nkaya mpaka ku doko la Nacala ku Mozambique. Ana amene amapanga magalimoto a mawaya sangalephere kupanga sitima. Kenaka ajambule pansi, ndi phulusa ndi timiyala, mapu a njira yonseyo, n'kuwonjezerapo mtsinje wa Bua, umene umayambira m'mapiri a Mchinji n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndi Rusa amene amautsira madzi.

Koma chuma chachikulu chili pakhonde la agogo. Mchinji ndi boma limene Achewa ndi Angoni akhala moyandikana kwa zaka zoposa 100, ndipo mayina a mafumu ake akuchitira umboni: kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, kwa Mkanda, kwa Mavwere ndi kwa Dambe. Mwana atumidwe ndi kope kukafunsa mafunso atatu okha. Agogo, mudzi uno unachokera kuti? Mfunda wathu ndi chiyani? Mwini mbumba wathu ndani, kapena ngati ndife Angoni, ng'ombe za lobola zinapita kwa yani? Lolemba m'kalasi ana adzadabwa okha kuona kuti wina amawerengera mtundu kuchikazi pamene mnzake wa pa desiki yomweyo amawerengera kuchimuna. Agogo ambiri amadandaula kuti adzukulu sawafunsa kanthu. Akafunsidwa mwaulemu, mwana atagwada kapena atakhala pansi, amayankha mpaka dzuwa kulowa. Ndipo amene ankapita kukalipira msonkho ku Fort Manning akutha mmodzimmodzi, n'chifukwa chake ntchitoyi siyofunika kuidikiritsa.

Pa Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, pafunika kusamala. Ana aonere gule pabwalo monga amachitira kale, aphunzire kuti Kasiyamaliro amatuluka pa zochitika ziti ndipo ulemu wake ndi wotani. Zakudambwe zili ndi eni ake, ndipo mphunzitsi wanzeru amayamba wakaonana ndi amfumu asanaphunzitse chilichonse chokhudza gule. Ingoma ndi chimtali zilibe vuto lotere: amayi ndi abambo a m'mudzi akhoza kuitanidwa kusukulu masana amodzi kudzaphunzitsa.

Malire nawo asaopseze aphunzitsi. Ana ambiri a kuno ali ndi azakhali kapena atsibweni kutsidya kwa malire a Mwami, ku Zambia. Mu February makolo awo amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo mu August ena amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mwana amene anapitako apatsidwe mphindi zisanu afotokozere anzake zimene anaona.

Aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu ndi mafumu a m'boma lino, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 600,000, akhale pansi teremu ino asankhe Lachisanu limodzi. Ana atenge makope, mapensulo ndi madzi akumwa, atsogoleredwe ku malo akale amene ali pafupi kwambiri ndi sukulu yawo, ndipo agogo mmodzi wa m'mudzimo apite nawo kuti akawafotokozere.