Kompyuta yakale isatayidwe

Pa 14 October 2025 Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta akale ambiri sangakwanitse Windows 11. Ine ndikuti tisawataye. Tiikemo Lubuntu, mtundu wa Linux waulere komanso wopepuka. Mutha kuyesera kaye pa flash osafufuta kalikonse.

Ikavuta, musafulumire kunena kuti yafa. Chitani ngati pa practical ya Physics: sinthani chinthu chimodzi, muone zotsatira. Ikungozima masana? Mukudziwa mmene kumatenthera kuno ku Mangochi. Fumbi likatseka fani, processor imatentha, kompyuta n'kudzizimitsa kuti isapse. Pemphani aphunzitsi, muipukute.

Linus Torvalds adayamba Linux mu 1991 akadali wophunzira ku Helsinki. Nanga inu mukudikira chiyani?