Njinga ikamanunkha petulo, tisamati "zimatero"

Kwa Nsabwe ku Thyolo njinga yamoto si yodzionetsera. Ndiyo imakweza matumba a feteleza m'zitunda za ku Thekerani, kutsitsa nthochi kumsewu, ndi kuthamangitsa wodwala kuchipatala usiku. Kunyanja nakonso ndiyo imafikitsa usipa pamsika usanatsike mtengo. Zambiri mwa njingazi, kaya Lifo, King Lion kapena Boxer, timagula zoti zinayenda kale, ndipo zambiri zimanunkha petulo zili chiimire. Mukafunsa mwini wake amangoti, "Aaa, zimatero njinga zakale."

Ine ndikuti sizitero. Njinga yodontha mafuta ndi yodwala, ndipo mwini wake angathe kulipeza yekha vutolo asanapite kwa makaniko.

Yambani ndi kuyeza. Ikani kabotolo pamene pakudonthapo usiku wonse. Mukapeza mamililita 100 m'mawa, ndiye kuti pamwezi mukutaya malita 3 njinga isanayende n'komwe. Wokhala patali ndi filing'i siteshoni, amene amagula petulo wa m'mabotolo pamtengo wokwera, akudziwa kuwawa kwake. Koma ndalama ndi nkhani yaing'ono. Ambirife njinga imagona m'nyumba poopa akuba, pafupi ndi mbaula, kandulo ndi ana ali mtulo. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umayenda pansi, ndipo sufuna moto waukulu kuti uyake.

Kupeza podontha sikufuna sukulu. Itulutseni panja, kutali ndi moto ndi fodya, injini itazizira. Pukutani thanki, paipi ndi kabuleta ziume, kenako tsegulani tapu ya mafuta n'kuyang'ana kuchokera pamwamba kutsika, chifukwa petulo amatsetsereka n'kukadonthera pena. Ngati pakunyowa ndi pansi pa thanki, ndi dzimbiri. Ngati ndi patapu, kamphira kake katha. Paipi ikauma imang'aluka kumapeto, ndipo kumanga ndi lekeni n'kudzinamiza. Gulani ina, si yodula.

Nthawi zambiri mlandu umakhala wa kabuleta. Pansi pake pali kambale kosunga mafuta, ndipo m'katimo muli fulooti yoyandama ndi kanidulo kotseka njira mbale ikadzaza. Kamchenga kamodzi kakakhala pamenepo, nidulo sitseka, mafuta amasefukira n'kumatuluka pa kapaipi kam'munsi. Gogodani kambaleko pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kudontha kukasiya, fulooti inangokakamira. Kukapitirira, tsekani tapu, masulani kambaleko, tsukani ndi petulo woyera, ndipo muone nsonga ya nidulo. Ikakhala ndi mzere wodyeka, isintheni pamodzi ndi gasiketi. Majeti muziwapemerera ndi mpope, osawatokosa ndi waya, chifukwa bowo likakula njinga imamwa mafuta mpaka kalekale, pulagi n'kumada.

Nanga zinyalalazi zimachokera kuti? Pena ndi fumbi la misewu yathu, pena ndi zigubu. Nthawi imene mafuta akusowa timagula paliponse, osadziwa kuti chigubucho munali chiyani dzulo. Komanso petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene Ethco ku Dwangwa inayamba kupanga mu 1982, ndipo PressCane ku Chikwawa imapanganso. Ethanol amakoka chinyontho, ndipo m'dera la chiperoni ngati Thyolo madzi amadikha pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri, mphira zotchipa n'kumauma msanga. N'chifukwa chake kasefa ka pulasitiki pakati pa tapu ndi kabuleta n'kofunika, komanso kumasula kasikuluu kam'munsi mwezi ndi mwezi kuti madzi ndi matope zituluke. Asodzi a mainjini a boti, nkhaniyi ndi yanunso.

Wakabaza anganene kuti, "Ndikaima tsiku limodzi, bwana afuna ndalama yake, ana adya chiyani?" Zoona. Koma ntchito imeneyi ndi ya ola limodzi kapena awiri, ndipo kuizengereza kumaimitsa njinga sabata. Nidulo ikamaphonya tapu ili yotsegula, petulo amatha kulowa mu injini n'kusungunula oyilo. Nunkhizani kandodo koyezera oyilo: kakamveka petulo, kapena oyilo akaoneka ngati wachuluka yekha, musayende musanamusinthe, apo ayi mugula pisitoni ndi maring'i. Eni njinga, musamuwerengere mnyamata wanu tsiku lokonza ngati ngongole. Njingayo ndi yanu.

Pali ziwiri zoti tisiyiretu. Kumata thanki ndi sopo kungakufikitseni kunyumba, koma si kukonza. Ndipo thanki yomwe munali petulo isamawotcheredwe isanatsukidwe bwino ndi munthu wodziwa, chifukwa yopanda mafuta koma yodzaza mpweya ndi imene imaphulika.

Mukamagula njinga yakale, kumbukirani za chikomekome cha mkuyu. Pentiyo isakunyengeni. Unikani m'thanki ndi tochi, tsegulani tapu, dikirani mphindi 10 muone pansi. Wogulitsa naye anene chilema chimene akuchidziwa, mtengo ukambidwe poyera. Ndipo madzulo aliwonse, musanailowetse m'nyumba, tsekani tapu.