Benz mwaisandutsa ngolo, achimwene

Msuweni wanga atagula Mercedes-Benz E-Class yogwiritsidwapo kale ntchito kunja, banja lonse tinasangalala. Ndinakweramo koyamba tikuchokera ku Area 25 kupita ku Old Town, ndipo ndinagona tisanafike patali. Galimotoyo inkameza maenje ngati nsima yofewa. Patangopita miyezi iwiri, anachotsa marimu a mainchi 17 omwe inabwera nawo n'kuikapo a mainchi 20, onyezimira ngati mapoto atsopano. Ndikulemba izi chifukwa ambiri a ife tikuyembekezera malipiro oyamba, ndipo ena mwasunga kale zithunzi za marimu oterewa m'mafoni mwanu. Ndikukuuzani mosapsatira: ndi kuwononga galimoto.

Tiyeni tiwerenge manambala a pa tayala, poti tonse tinakhoza masamu a MSCE. Tayala lolembedwa 245/45 R17 ndi lotambalala mamilimita 245, ndipo khoma lake la m'mbali ndi 45 peresenti ya pamenepo, pafupifupi mamilimita 110. Khoma limeneli, pamodzi ndi mpweya wa m'kati, ndi limene limayamba kulandira nkhonya ya dzenje mashoki asanamve kanthu. Ukafuna rimu ya 20 koma gudumu lonse likhalebe kukula komweko, umaika 245/30 R20. Khoma latsika kufika mamilimita 74. Gawo limodzi mwa magawo atatu a khushoni lapita, ndipo walipira ndalama kuti lipite.

Wina amati, ayi, ine ndiika mphira wokhuthala. Chabwino, ika 245/35 R20. Tsopano gudumu lonse lakula ndi 4 peresenti. Sipidomita imawerenga kuzungulira kwa gudumu, sidziwa kuti walisintha, choncho liwiro lenileni limakwera kuposa momwe unazolowera ukayang'ana singano. Ukafotokozere apolisi apamsewu pa Nathenje kuti wolakwa ndi rimu. Ukapita ku 22 zinthu zimafika poti tayala limakhula bodi ukamakhota kapena ukanyamula anthu atatu kumbuyo.

Ndiye pali kulemera. Marimu akuluakulu otchipa amene adzaza m'mashopu ambiri ndi olemera kuposa a kufakitale, ndipo kulemera kumeneku sikukhala pamwamba pa masipuring'i, kuli pansi pake. Gudumu likagunda hampu, mashoki amalimbana ndi chitsulo cholemera kuposa chimene anapangidwira. Mabushi, mabeyaring'i ndi ma ball joint amatha msanga. Injini nayo imafuna mafuta ochuluka kuti izungulitse zimenezi, m'dziko loti tagonapo pa mizere ya mafuta. Akatswiri a ku Stuttgart anakhala zaka akuyesa kuti galimotoyi iziyenda ngati ikuyandama. Ife tathetsa ntchito yonseyo Loweruka limodzi masana.

Ndikudziwa chimene muyankhe. "Ndi nsanje, iwe umayendera kabaza." Zoona, ndimayendera kabaza, ndipo ngongole ya sukulu ikundidikira. Koma nsanje yanga sisintha mamilimita 74 aja. Yankho lina ndi lakuti ndalama ndi zake, galimoto ndi yake. Pamenepa ndimavomera pang'ono. Munthu akapenta Benz yake mtundu wa papaya, ndingoseka n'kudutsa. Ngakhale kukwera inchi imodzi, kuchoka pa 17 kufika pa 18, sindikangana naye, poti opanga galimoto eni ake amagulitsa masaizi amenewo, ndipo pa msewu wosalala tayala lopyapyala limamvera chiwongolero bwino. Koma tayala likaphulika pa M1 galimoto ili pa liwiro, nkhani si ya mwini yekha. Mumsewumo muli minibasi yodzaza, m'mbali muli mayi wakwera njinga ndi thumba la makala.

Marimu amenewa tinawaonera m'mavidiyo a nyimbo a ku America ndi pa Instagram za anyamata a ku Johannesburg. Tinatengera chithunzi, msewu wake tinausiya komweko. Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti munthu wagula galimoto yodula chifukwa cha mtendere wake, kenako wagulitsa mtenderewo kuti anthu oima pa depoti, amene sadzakweramo, atembenuke khosi kwa masekondi atatu.

Mwezi wa February, mvula ili pakati, tinkapita kumaliro ku Ntcheu. Titadutsa Dedza kutada, tinagwera m'dzenje lodzaza madzi. Phokoso lake linali ngati mfuti. Tayala lakutsogolo linang'ambika m'mbali, rimu inapindika, lakumbuyo linatupa chotupa ngati dzira. Sipeya inali imodzi, ya saizi yakale ija. Azakhali anakhala pa chitenje m'mbali mwa msewu akupemphera, ife tikuwalitsa ndi mafoni.

Kutacha tinazungulira okonza matayala onse pa boma. A minibasi analipo, a Corolla analipo milu. Titatchula 245/30 R20, bambo wina anapukuta manja n'kufunsa kuti, "Bwana, limeneli ndi tayala kapena lamba?"

Ndinawauza msuweni wanga kuti, "Achimwene, marimu akale aja mukadali nawo?"

Anayang'ana kumbali. Anali atawagulitsa kuti akwanitse kugula atsopanowa.