Za Iwo Amene Anafafaniza Dzina la Mlengi

Kuli mlandu wina wa ku America umene aphunzitsi tonse tiyenera kuumva, pakuti unakhudza mawu amene munthu anena ataimirira pamaso pa ana. M'mwezi wa October 2004, bungwe loyang'anira sukulu za boma ku Dover, m'chigawo cha Pennsylvania, linagamula kuti ana ophunzira za chisinthiko cha zamoyo, monga anachifotokozera Charles Darwin, auzidwe kuti chiphunzitsocho chili ndi mipata, ndi kuti kulinso china chotchedwa Intelligent Design. Ichi chinena kuti zamoyo zinapangidwa mwaluso lotere kuti ayenera kukhalapo wina wanzeru amene anazikonza. Nanga wanzeruyo ndani? Dzina lake salitchula.

Ambiri pakumva izi aomba m'manja, nati, Taonani, okhulupirira alowa m'sukulu za boma! Ine manja anga sindiomba, ngakhale ndikhulupirira Mlengi ndi mtima wonse. Imvani chifukwa chake.

Malamulo a dzikolo salola boma kukweza chipembedzo, ndipo mu 1987 Khoti Lalikulu linafafaniza lamulo la chigawo cha Louisiana lofuna kuti chilengedwe chiphunzitsidwe pamodzi ndi chisinthiko. Nthawi yomweyo anthu ena anali kulemba buku la ana a sukulu limene linatuluka mu 1989, dzina lake Of Pandas and People. Pamene makolo 11 a ku Dover anasumira bungwe lija, zolemba zoyamba za bukulo zinatengedwa kubwalo, ndipo mboni Barbara Forrest anaonetsa kuti chigamulo cha 1987 chitatuluka, mawu onena za kulenga anachotsedwa m'malo pafupifupi 150, nalowapo mawu atsopanowo, koma matanthauzo osasintha. Nkhuni zomwezo, luzi lomangira ndilo lina. Pamalo ena wolembayo anafafaniza mothamanga, mawu akale ndi atsopano natsala olumikizana pakati ngati chilonda chosapola.

Kodi umenewu ndiwo umboni wa chikhulupiriro? Munthu abisa dzina la Mbuye wake kuti alonda apakhomo asamzindikire, nayembekeza kuti timtame. Ndiponso mabuku 60 amene anafika pasukulupo anagulidwa ndi ndalama zosonkhedwa m'tchalitchi ndi mmodzi wa akulu a bungwelo, koma atalumbira ananena ngati sadziwa kumene ndalamazo zinachokera. Woweruza analemba poyera kuti ena a iwo ananama.

Tsono tiyese chiphunzitsocho pachokha. Mtsogoleri wake wina, Michael Behe, analoza kamchira kamene bakiteriya asambira nako, nati ziwalo zake nzambiri ndi zolumikizana, kuti kuchotsapo chimodzi zonse zileka, chifukwa chake sizikanabwera pang'onopang'ono. Koma Kenneth Miller wa ku Brown University, amene ali Mkatolika wopemphera, anaonetsa kuti gawo lina la ziwalo zomwezo lipezeka mwa mabakiteriya ena likugwira ntchito ina, yobayira ululu m'maselo. Pofunsidwa mafunso, Behe anavomera kuti sayansi itatanthauzidwa monga afunira iye, ndiye kuti kuombeza ndi nyenyezi kukalowanso momwemo. Ichi chokha chikanakwanira. Koma chimene chindiopsa ine koposa ndi ichi: chiphunzitsochi chiika Mulungu m'mipata ya chidziwitso chathu. Pamene sitidziwa lero, ati, apa ndi pake. Mawa wophunzira wina atseka mpatawo, ndipo mwana amene tinamphunzitsa chotero ayesa kuti Mulungu wathamangitsidwa. Adzamuyankha ndani mwana ameneyo? Bungwe lija silidzakhalapo.

Amene ndiwalemekeza m'nkhani yonseyi ndiwo aphunzitsi a sayansi a pa Dover. Atalamulidwa kuwerengera ana mawu aja, anakana, nati kutero kukakhala kupereka kwa ana chinthu chimene iwo adziwa kuti si sayansi. M'January 2005 akulu a sukulu ndiwo analowa m'kalasi kukawerenga okha. Yense amene anagwirapo choko adziwa kulemera kwa kukana wokulemba ntchito.

Ena ati woweruzayo anali mdani wa Mulungu. Iyayi. John E. Jones anali wa mpingo wa Lutheran, ndipo anamuika pampandopo ndi George W. Bush mu 2002. Atamva mboni milungu isanu ndi umodzi, pa 20 December 2005 anatulutsa chigamulo cha masamba 139, chonena kuti Intelligent Design si sayansi, ndi kuti kuiphunzitsa m'kalasi la sayansi m'sukulu za Dover kuswa malamulo a dziko. Eni mudzi anali atagamula kale: pa chisankho cha November, onse asanu ndi atatu a m'bungwelo amene anaima anagwa. Ndipo ndalama za mlanduwo, madola oposa miliyoni imodzi, sizinatuluke m'matumba a iwo amene anauyambitsa. Zinatuluka m'thumba la sukulu za ana a Dover.